Musatimangire mpanda panjira ya kumjigo

Pa chinkhoswe cha mlongo wanga wamng'ono ine ndi amene anandisankha kusunga ndalama za komiti. Ndinalemba bwinobwino ndandanda wa abale onse, amene analonjeza, zimene analonjeza, zimene anapereka, ndi amene anangoti "tionana kumapeto kwa mwezi" kenako n'kuzimitsa foni. Usiku wina, tulo tili m'maso, ndinakweza fayiloyo pa intaneti kuti a komiti aione. M'mawa ndikufika ku ofesi, abwana anandiitana pakhomo pawo, nkhope ili gwa ngati ndalakwitsa malipoti. Anati, "Achimwene, kodi amalume anu aja mpaka lero sanapereke? Ukwati wayandikiratu." Ofesi yonse inafa nacho chiseko.

Mlandu unali wanga ndekha. Mu pulogalamu imodzimodziyo ndili ndi maakaunti awiri, ya kuntchito ndi yanga. Pakona pamwamba pali kachizindikiro kozungulira kosonyeza kuti panopa uli mu akaunti iti, ndipo ukakadina umalumphira mu inayo. Sindinakayang'ane. Ngongole za amalume zinakagwera mu foda imene antchito anzanga onse amaiona.

Ndayamba ndi manyazi angawa kuti wina asaganize kuti kabatani kameneka ndikukapeputsa. Ndikudziwa kufunika kwake kuposa ambiri. Koma kufunika kwa chinthu ndi nkhani ina, ndipo kukhala nacho mwini wake ndi nkhani inanso. Makampani osunga mafayilo a anthu pa intaneti amalembetsa mapatenti ambirimbiri, zikalata za boma zopatsa munthu umwini wa luso, pa tinthu ta mtundu umenewu: kulowa mu akaunti, kulumikiza maakaunti awiri a munthu mmodzi, kusankha kuti fayilo ipite kuti. Ine ndikuti boma lililonse limene limapatsa kampani imodzi umwini wa ganizo lakuti munthu azichoka mu akaunti iyi n'kulowa mu iyo popanda kutuluka, lagulitsa chinthu chimene sichinali chake.

Tiyambe ndi mtambo wotchukawo. Kulibe mtambo. Zimene amati cloud ndi makompyuta masauzandemasauzande oyalidwa m'nyumba zikuluzikulu zozizira, ku Virginia, ku Ireland, ndipo masiku ano ngakhale ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Ukakweza chithunzi, chimakakhala pa kompyuta ya eni ake, iwe umangosunga kiyi. Dropbox, imodzi mwa makampani amene anatchukitsa ntchitoyi, inayamba mu 2007. Drew Houston, amene anaiyambitsa ndi mnzake Arash Ferdowsi, amasimba kuti ganizoli linamufikira m'basi yochoka ku Boston kupita ku New York atazindikira kuti waiwala kafulashi kake. Kwa zaka zingapo, kompyuta imodzi inkalumikizidwa ku akaunti imodzi ya Dropbox. Wokhala ndi ya kuntchito ndi yakeyake ankachita kutuluka uku n'kulowa uku. Chakumapeto kwa 2013 kampaniyo inalengeza kuti maakaunti awiriwa azitha kukhalira limodzi, ndipo mu 2014 zinayamba kugwira ntchito kwa onse.

M'kati mwake mumachitika chiyani? Ukalemba pasiwedi, seva, kompyuta ya eni ake ija, imakupatsa kachiphaso, kamzere ka manambala ndi zilembo, kamene pulogalamu imasunga m'foni. Ulendo uliwonse ikamapempha fayilo, imaonetsa kachiphasoko m'malo mokufunsanso pasiwedi. Kuti maakaunti awiri akhale limodzi, pulogalamu imasunga tiziphaso tiwiri, n'kumakumbukira kuti pempho ili liyende ndi kati. Mtima wa nkhani ndi womwewo. Kuzungulira pamenepo pali ntchito yeniyeni, sindikana. Mafayilo a mbali ziwirizi asasakanikirane. Munthu akachotsedwa ntchito, kampani ithe kufufuta za ofesi zili m'foni mwake popanda kukhudza zithunzi za ana ake. Netiweki ikaduka pakati pa kukweza fayilo, monga imachitira kwathu kuno, ikabwerera fayiloyo ipitirire kumene inkapita. Akatswiri amatha miyezi akulimbana ndi zimenezi. Koma mmisiri wabwino amathanso masabata akukhoma denga la nyumba, ndipo palibe amene amamupatsa chikalata choletsa amisiri ena kukhoma madenga.

Patenti ndi msika pakati pa munthu ndi dziko. Wotulukira luso amauza dziko kuti: ndapeza njira imene simunkaidziwa, ndiilemba poyera yonse kuti aliyense wa ntchito imeneyi athe kuitsatira. Dziko limayankha kuti: chabwino, kwa zaka 20 kuchokera tsiku limene wapereka pempho, palibe wina apange, agulitse kapena agwiritse ntchito lusoli popanda chilolezo chako, zikatha zakazo n'la tonse. Msika umenewu ndi wakale. Mzinda wa Venice unali ndi lamulo lotere mu 1474, England mu 1624, America mu 1790. Zaka 20 zija lero zili m'pangano la TRIPS la bungwe la zamalonda padziko lonse la WTO, limene linayamba kugwira ntchito mu 1995.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri sachidziwa, ndipo ndi chimene chimapangitsa patenti kukhala chida choopsa. Lamulo la umwini wa zolembalemba, limene kwathu timalidziwira ku COSOMA ndi nkhani za oimba, limatetezanso mapulogalamu a kompyuta, koma limangoletsa kukopera. Ukalemba pulogalamu yako wekha, ngakhale izichita zofanana ndi ya mnzako, ulibe mlandu. Patenti si choncho. Ngakhale usanamvepo dzina la mwini patentiyo, ngakhale unaganiza wekha uli pa khonde la kwanu, ngati chimene wapanga chagwera m'malire a mawu amene iye analembetsa, walakwa. Ndiye malirewo akalembedwa motakata, monga "njira yosungira ziphaso ziwiri za munthu mmodzi pa chipangizo chimodzi ndi kumulola kusankha", aliyense wofuna kuthetsa vuto lomwelo wagwa kale mu msampha, chifukwa njira ina yomveka palibe.

Nanga pa msika umenewu dziko lapindulapo chiyani? Laphunzira chiyani chimene silinkachidziwa? Kompyuta ya CTSS ya pa sukulu ya MIT inali ndi maakaunti ndi mapasiwedi a anthu osiyanasiyana kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960. Unix, pulogalamu yoyendetsa makompyuta, inali ndi lamulo lalifupi la su, lolola munthu kusanduka wogwiritsa ntchito wina osatseka zimene akuchita, kuyambira m'ma 1970. Windows XP inabwera mu 2001 ndi njira yosinthana anthu pa kompyuta imodzi mwachangu. Google inalola kulowa maakaunti angapo pa browser imodzi mu 2010. Instagram inatero mu 2016, WhatsApp mu 2023. Kampani iliyonse inafika pamenepa nthawi imene makasitomala ake anayamba kudandaula, osati chifukwa inawerenga patenti ya mnzake n'kutsekuka maso. Ndipo ife a mafoni a masimu awiri, amene timaimba ndi TNM n'kugula bandulo ya Airtel, timene foni imatifunsa kuti "muimbe ndi iti", sitingadabwe ndi ganizo limeneli. Mayi wogulitsa tomato amene amasunga ndalama za bizinesi m'thumba la kumanja ndi za pakhomo pa mfundo ya chitenje akulidziwa bwino.

Kumudzi timasiyanitsa anthu awiri. Pali amene wakumba chitsime pamene panalibe madzi. Ameneyo akanena kuti muzithandiza pokonza, palibe amatsutsa. Ndiye pali amene wangodzuka m'mawa n'kumanga mpanda panjira imene anthu akhala akudutsa popita kumjigo, n'kuyamba kulipiritsa. Wachiwiriyu amakamuitana kwa amfumu. Vuto la mapatenti a mapulogalamu n'lakuti pa pepala anthu awiriwa amaoneka ofanana, chifukwa onse amalemba chilankhulo chimodzi cha maloya.

America inayesa kale kulekerera a mipanda, ndipo zotsatira zake tinaziona. Mu 1998 khothi la apilo loona za mapatenti, pa mlandu wa State Street Bank, linatsegula chitseko kuti ngakhale njira zochitira bizinesi zitha kulandira patenti. Chaka chotsatira, mu September 1999, Amazon inalandira patenti nambala 5,960,411, ya kugula katundu podina kamodzi kokha. Ganizo lake: sitolo isunge adiresi ndi khadi ya kasitomala, akadzabweranso asalembenso. Wagolosale aliyense amene ali ndi kope la angongole amachita zomwezo. Koma Amazon inakasumira Barnes & Noble, ndipo mu December chaka chomwecho, nthawi ya malonda a Khirisimasi, khothi linaletsa sitolo ya mabukuyo kugwiritsa ntchito njira yofanana. Anachita kuwonjezera kudina kwachiwiri kopanda ntchito kuti athawe mlandu. Apple inasankha kulipira laisensi mu 2000. Ofesi ya mapatenti ya ku Ulaya inakana kupereka patenti yomweyo. Patenti ya ku America ija inakhala mpaka mu 2017. Tangoganizani, zaka zonsezo makasitomala a masitolo ena ankadina kawiri, osati chifukwa akatswiri a kumeneko anali mbuli, koma chifukwa loya anawauza kuti kudina kamodzi kuli ndi mwini.

Apple nayo inali ndi yake, ya kutsegula foni pokhwekhwereza chala pagalasi, ngati mmene timakokera kachitsulo kotsekera chitseko cha bafa. Inali m'gulu la mapatenti amene inalimbana nawo ndi Samsung kwa zaka. Ku Germany khothi lalikulu linaithetsa mu 2015, litaona kuti kafoni kena ka ku Sweden, Neonode N1m, kanali ndi zofanana kale.

Zinthu zinatembenuka pa 19 June 2014, pamene Khothi Lalikulu la America linagamula mlandu wa Alice Corporation ndi CLS Bank. Kampani ya Alice inali ndi mapatenti pa ganizo lakuti anthu awiri akamasinthana ndalama pakhale wachitatu pakati woonetsetsa kuti onse alipira, ndipo zonsezi zichitike pa kompyuta. Majaji onse asanu ndi anayi anagwirizana, chigamulo analemba ndi Clarence Thomas. Mfundo yake inali yakuti ganizo wamba silisanduka luso chifukwa choti wawonjezerapo mawu akuti "pa kompyuta". Jaji azifunsa mafunso awiri. Kodi patentiyi yaima pa ganizo wamba? Ngati ndi choncho, kodi muli chinanso chatsopano chimene chikulisandutsa luso lenileni? Mapatenti mazanamazana anagwa pa mafunso awiriwa m'zaka zotsatira.

Apa ndi pamene nkhani ya Dropbox imandikomera, chifukwa kampaniyi yalawa mbali zonse ziwiri za mkwapulo. Mu 2015 kampani ya Synchronoss Technologies inaisumira pa mapatenti okhudza kufananitsa mafayilo pakati pa zipangizo. Dropbox inadziteteza ndipo inapambana. Koma pobwezera, nayo inasumira Synchronoss pa mapatenti atatu amene inali nawo, okhudza kuteteza mafayilo, kuwakweza ndi kusunga makope a zinthu za m'foni. Khothi linawaika pa sikelo ya Alice ndipo onse atatu anapezeka opepuka. Khothi la apilo linavomereza zimenezi mu 2020. Chimene majaji anaona n'chakuti mapepalawo ankatchula zotsatira zimene akufuna osafotokoza njira yatsopano yofikira kumeneko. Chida chimene chimateteza Dropbox kwa anzake ndi chomwecho chinathyola mikondo yake. Sindikuiseka. Ndikungoti ngakhale kampani ya akatswiri enieni ikhoza kukhala ndi mapepala opanda kanthu m'kabati, chifukwa mwambo wa malondawa ndi wakuti aliyense aunjike mapatenti ochuluka, mnzako akakuopseza nawe umuopseze.

Bill Gates anaziona izi kalekale. M'kalata imene analembera akuluakulu a Microsoft mu 1991 anati anthu akanakhala kuti analembetsa mapatenti pa maganizo amene makompyuta aimapo, ntchito yonseyi ikanaima chilili. Mankhwala amene anapereka m'kalata yomweyo ndi akuti kampani yake ilembetse mapatenti ambiri mmene ingathere. Umu ndi mmene mpikisano wa zida umayambira: aliyense akudziwa kuti n'zopusa, koma palibe afuna kuyamba kutula pansi.

Tsono ndimve mbali inayo, chifukwa ili ndi mfundo zake ndipo si zachibwana.

Amati: popanda patenti, wamng'ono adzadyedwa ndi wamkulu. Mnyamata akapeza njira yabwino, Google kapena Microsoft idzaikopera sabata imodzi n'kuipereka ulere kwa anthu mabiliyoni, iye n'kutsala manja ali m'khosi. Amawonjeza kuti oika ndalama m'makampani atsopano amafunsa kaye ngati pali patenti asanatulutse cheke. Ndipo ali ndi chitsanzo. Mu April 2024 khothi la ku Chicago linalamula Amazon Web Services kulipira madola 525 miliyoni kwa kampani yaing'ono ya Kove, pa mapatenti okhudza mmene makompyuta ambirimbiri amadziwira kumene fayilo iliyonse yasungidwa. Kaya munthu agwirizana ndi chigamulocho kaya ayi, funso limene mapatentiwo ankayankha ndi la ukatswiri weniweni: mafayilo akachuluka kufika mabiliyoni, buku limodzi lolozera silingakwane, ndiye uchita bwanji? Chimodzimodzi njira ya RSA yobisira uthenga, imene inalandira patenti mu 1983 n'kutha mu 2000. Amene anaiwerenga anaphunzira chinthu chimene sakanachipeza pongokhala pansi madzulo amodzi. Awa ndi okumba zitsime, ndipo ine sindikulimbana nawo.

Koma taonani kuti mfundo yoteteza wamng'onoyi ikafika pa kabatani kosinthira akaunti imatembenuka n'kuluma mwini wake. Ndani ali ndi ndalama zolembetsera mapatenti mazana pa tinthu ting'onoting'ono ta pagalasi? Ndi akuluakulu omwewo. Pempho limodzi ku America, pamodzi ndi malipiro a loya, limadya madola masauzande ambiri. Mlandu wa patenti ukafika mpaka kumapeto umadya mamiliyoni. Wamng'ono amene akulemba pulogalamu yake yoyamba sakhala mwini mpanda, amakhala wodutsa panjira. Ndipo chimene chimasunga makasitomala pa Dropbox, Google Drive kapena OneDrive si kabataniko. Ndi liwiro, kudalirika, mtengo, ndiponso ulesi wa tonsefe wosamutsa mafayilo a zaka khumi. Dropbox yomweyo, itapanga Lepton mu 2016, njira yochepetsera zithunzi za JPEG ndi pafupifupi 22 peresenti popanda kuwononga kanthu, inaipereka poyera kuti aliyense agwiritse ntchito. Luso lovuta anagawa ulere ndipo kampani sinagwe. Ndiye tikhulupirire bwanji kuti ikanagwa chifukwa chosowa umwini wa kabatani?

Ena amati: musadandaule, patenti yoipa imagwa yokha kukhothi. Amene amatero sanalandirepo kalata ya loya. Ofufuza Michael Frakes ndi Melissa Wasserman anapeza kuti woyesa mapempho ku ofesi ya mapatenti ya America amakhala ndi maola pafupifupi 19 pa pempho limodzi, kuwerenga, kufufuza zakale, kulemberana ndi maloya, zonse. Zakale za mapulogalamu sizikhala m'mabuku a mapatenti mokha. Zili m'mapulogalamu akale amene anasiya kugulitsidwa, m'mabuku a malangizo, m'makodi a anthu ongodzipereka. M'maola 19 sangazipeze zonse. Patenti ikatuluka, lamulo limaiona ngati yabwino kufikira wina atatsimikiza kuti ndi yoipa, ndipo kutsimikizako ndi ndalama.

Pamenepa ndi pamene pamadyera madobadoba a mapatenti, amene Achimereka amawatcha patent trolls. Sapanga kanthu, sagulitsa kanthu. Amagula mapatenti a makampani akufa n'kuyamba kutumiza makalata. Kampani ina yotchedwa MPHJ inatumiza makalata masauzande kwa mabizinesi ang'onoang'ono, kuwauza kuti kusikana pepala n'kulitumiza pa imelo kuli ndi mwini, alipire pafupifupi madola 1,000 pa wantchito aliyense. Boma la Vermont linachita kuisumira mu 2013. Ina, Personal Audio, inkati ndi mwini wa ganizo la podcast, mpaka bungwe la Electronic Frontier Foundation linasonkhetsa ndalama kwa anthu n'kukagwetsa mbali zofunika za patentiyo mu 2015. James Bessen ndi Michael Meurer a pa Boston University anawerengetsa kuti madobadoba oterewa anadyera makampani a ku America madola 29 biliyoni m'chaka cha 2011 chokha. Nzeru yawo ndi yosavuta: pempha ndalama yochepa kuposa imene munthu angawononge podziteteza. Ambiri amalipira ngakhale akudziwa kuti akanapambana. N'chifukwa chake mu 2014 Google, Canon, SAP, Dropbox ndi ena anayambitsa mgwirizano wa LOT Network, wolonjezana kuti patenti ya membala ikagulitsidwa kwa dobadoba, mamembala ena onse apeza laisensi nthawi yomweyo. Eni mapatenti okhaokha akumanga linga lodzitetezera ku mapatenti. Pamenepo pokha pakuuzeni kanthu.

Patenti ya lero ya kampani yaulemu ndi chida cha dobadoba wa mawa. Kampani ikhoza kulumbira kuti yathuyi ndi yongodzitetezera, sitidzasumira nayo munthu. Koma makampani amagwa, amagulidwa, amasintha mabwana, ndipo katundu wawo amagulitsidwa pa okushoni. Pepalalo limakhalabe ndi mano mpaka zaka 20 zikwane, ndipo zaka 20 pa nkhani za mapulogalamu ndi moyo wonse. Zaka 20 zapitazo ambirife tinkatumizirana nyimbo pa Bluetooth.

Maiko ena anasankha njira ina. Pangano la mapatenti la ku Ulaya la 1973, mu gawo 52, limati mapulogalamu a kompyuta paokha si luso loyenera patenti. Mu July 2005 nyumba ya malamulo ya Ulaya inakana bilo yokhudza mapatenti a mapulogalamu ndi mavoti 648 kwa 14. India ili ndi chiletso chofanana mu gawo 3(k) la lamulo lake, New Zealand inaika chake mu 2013. Ndisakunamizeni kuti kumeneko zonse zili bwino. Mawu akuti "paokha" asanduka khomo la kuseri, ndipo ofesi ya mapatenti ya ku Ulaya, imene ili ku Munich, imapereka mapatenti ambiri a mapulogalamu bola wopempha aonetse kuti akuthetsa vuto la ukatswiri. Komabe funso lakelo ndi lolondola. Limakakamiza wopempha kunena kuti kompyuta ikuchita chiyani mwatsopano, osati kuti munthu akufuna chiyani. Wina akabwera ndi njira yatsopano yotsekera mafayilo a maakaunti awiri pa diski imodzi moti ngakhale wakuba foni sangalumphe kuchoka uku kupita uko, ndipo wailemba moti katswiri wina angaitsatire, apatsidwe patenti pa njira imeneyo basi. Wina akapeza njira yake yosiyana, adutse mwamtendere. Koma wobwera ndi chithunzi cha bokosi, muvi ndi bokosi lina, n'kumati "wogwiritsa ntchito asankha akaunti", abwezedwe ndi ulemu.

Wina afunsa kuti ife zikutikhudza pati, poti patenti ya ku America imathera m'malire a America. N'zoona, ndipo mnyamata wa ku Lilongwe kapena ku Chipata wolemba pulogalamu ya masukulu a kwawo sangasumiridwe ndi pepala la ku Washington. Koma tsiku limene waika pulogalamu yake pa Google Play kapena App Store kuti aliyense padziko aitsitse, walowa msika wa eni ake. Mu 2011 kampani ya Lodsys inatumiza makalata kwa olemba mapulogalamu ang'onoang'ono a iPhone, ena a kunja kwa America, kufuna 0.575 peresenti ya ndalama zimene amapeza ku America chifukwa cha kabatani kogulira zinthu m'kati mwa pulogalamu. Ena mwa anthuwo anali munthu mmodzi ndi laputopu yake. Komanso mapulogalamu amene timagwiritsa ntchito kuno amapangidwira kumeneko. Loya wa ku California akauza akatswiri kuti chotsani ichi, chimachoka m'foni ya ku Mzuzu tsiku lomwelo. Ndipo kusintha akaunti mosavuta ndi nkhani yathu kuposa yawo. Kwawo munthu amakhala ndi foni ya ntchito, foni yake ndi laputopu. Kwathu foni imodzi imatumikira bambo, mayi ndi mwana wa ku sekondale amene akufuna kutsitsa manotsi.

Pali mbali inanso imene ili m'manja mwathu. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ndi mamembala a ARIPO, bungwe la ku Harare limene, pansi pa pangano la Harare la 1982, limalandira pempho limodzi la patenti lotha kugwira ntchito m'maiko angapo. Ofesi ya dziko lililonse ili ndi mpata wokana kuti patentiyo isagwire ntchito kwawo, koma ikangokhala chete nthawi n'kutha, yalowa. Kukana kumafuna anthu odziwa kuwerenga mapepala amenewa ndi lamulo lomveka lowapatsa poimira. Maiko osauka kwambiri, Malawi ali m'gulumo, anapatsidwa ndi WTO mpaka 1 July 2034 asanakakamizidwe kutsatira mbali zambiri za TRIPS. Nthawi imeneyi ndi yoti aphungu athu alembe momveka kuti ganizo wamba lovekedwa kompyuta si luso, alendo asanabwere ndi chikalata chawo cholembalemba kale n'kutiuza kuti sainani apa. Tinaphunzira pa nkhani ya mankhwala a ma ARV kuti mawu ochepa a m'lamulo la mapatenti amasintha mtengo wa chinthu pa kauntala.

Ku America komweko nkhaniyi sinathe. Maseneta Thom Tillis ndi Chris Coons anabweretsa bilo yotchedwa Patent Eligibility Restoration Act mu 2023, ndipo anaibweretsanso mu 2025. Cholinga chake ndi kuchotsa mafunso awiri a Alice aja n'kuikapo mndandanda waufupi wa zinthu zosayenera patenti. Oichirikiza amati chigamulo cha Alice n'chosamveka, majaji awiri amatha kuwerenga patenti imodzi n'kugamula mosiyana, ndipo pamenepo sakunama. Makampani a zoyezera matenda avutika nazo kwambiri. Koma kusamveka kwa sikelo kumathetsedwa pokonza sikeloyo. Akaitaya, mapepala onga atatu a Dropbox aja, amene majaji anati amatchula zofuna osatchula njira, adzakhala ndi mpata woimanso, ndipo oyamba kukondwa adzakhala aja amagula mapatenti pa okushoni.